Asodzi 11 amene anataya nsomba m'nyanja: mbiri ya foni ndi ndalama pa doko

Lero mwera wavuta, maboti ali kumtunda, injini ziwiri zimene ndamasula zikudikira masipeya, ndiye ndapeza mpata. Uthengawu ndi wautali, ndikudziwa. Musaope, mawu olembedwa sadya bandulo ngati mavidiyo aja mumaonera usiku wonse.

Chandilembetsa ndi ichi. Sabata yatha mng'ono wathu wina, amene takula naye tikupalasa bwato limodzi, anabwera pansi pa mtengo pamene ndimagwirira ntchito, nkhope itagwa. Ndalama yake yonse ya mdima wathawu, ya usipa, anaiika mu app ina imene inkati ukaikamo ndalama n'kumadina mavidiyo tsiku lililonse, ndalamayo imaswana. Masabata awiri oyamba analandiradi kangachepe. Mtima unakhala pansi, anaonjezera, anakokeramo ndi mlongo wake. Tsiku lina m'mawa app ija osatsegukanso, gulupu ya pa WhatsApp atatseka, nambala ya amene ankadzitcha manejala osapezeka. Dzina lake sindinena, ndipo musandifunse ku inbox. Anangondifunsa kuti: "Achimwene, nanga ndalama za pa intaneti zimene anthu amanenazi zili pati?"

Tsiku limenelo ndinasowa chonena, ndinangomupatsa sipanala kuti andigwirire. Lero ndikumuyankha pano, tonse timve. Yankho langa ndi mbiri, chifukwa zida zili m'manja mwathuzi zili ndi kumene zinachokera, ndipo ukadziwa kumeneko umadziwanso pamene pali ndalama yeniyeni.

Tiyambire ku India. Kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo kuli chigawo chotchedwa Kerala, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kumeneko kuli asodzi ambirimbiri, ndipo nsomba imene amapha kwambiri ndi sadini, yoyenda m'magulu ngati usipa wathu koma yokulirapo. M'zaka za m'ma 1990 vuto lawo linali ngati lathu ndendende. Nsomba sichedwa kuwonongeka, msika wa pa doko umachitika maola ochepa m'mawa basi, ndipo mafuta ndi odula moti sungamayendere madoko atatu kufunsa mtengo. Ndiye aliyense akapha ankangolunjika doko la kwawo, n'kulandira mtengo umene waupeza.

Lachiwiri pa 14 Januwale 1997, pa doko la Badagara panafika nsomba zambiri kuposa ogula. Asodzi 11 anasowa wowagula, anataya nsomba zawo m'nyanja. M'mawa womwewo, pa madoko a Chombala ndi Quilandi, osapitirira makilomita 15 kuchokera pamenepo, ogula 27 anabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo nsomba zochepa zimene zinalipo zinkagulitsidwa pafupifupi marupi 10 pa kilo. Taganizani aise. Nsomba zilipo, ogula alipo, injini zilipo, mtunda wake ndi wa ola limodzi kapena osakwana. Chimene chinasowa ndi uthenga chabe.

Nditawerenga zimenezi ndinakawafotokozera bambo anga akusoka chilimira. Sanadabwe n'komwe. Anati: "Iwe, zimenezo wazipeza ku India? Ife tinkakwirira usipa mumchenga pompano." Anandikumbutsa tsiku lina la dzinja, ine ndili wamng'ono, atapha usipa wodzaza boti. Kunja kunachita mitambo, mvula osakata, mathandala onse onyowa, amayi ogula atabwera ochepa. Anagulitsa mabeseni angapo pa mtengo wongotaya, wina anagawira anthu, wotsala unanunkha. Patapita masiku awiri anakumana ndi mnzawo wa doko lina amene anawauza kuti tsiku lomwelo kwawoko galimoto ya ogula inabwerera yopanda kanthu. Bambo akuti anangokhala pansi. Fizi ya mlongo wanga wamkulu temu imeneyo anachita kukongola.

Tibwerere ku Kerala. Nkhani ya Badagara timaidziwa chifukwa cha katswiri wa zachuma wa ku America, Robert Jensen. Iye ndi gulu lake ankalemba mitengo ndi kuchuluka kwa nsomba Lachiwiri lililonse, pa madoko 15 a kumpoto kwa Kerala, kuyambira Seputembala 1996 mpaka Meyi 2001, akutsata maboti 300. Mwamwayi, m'zaka zomwezo makampani a mafoni anayamba kuimika nsanja zawo: ku Kozhikode mu 1997, ku Kannur mu 1998, ku Kasaragod mu 2000. Nsanjazo sanaimikire asodzi ayi, ankafuna anthu a m'tauni. Koma matauniwo ali m'mphepete mwa nyanja, ndipo pamadzi palibe phiri lotchinga, ndiye netiweki inkafika makilomita 20 mpaka 25 m'kati mwa nyanja. Asodzi anazitulukira okha. Anayamba kugula mafoni, n'kumaimbira ogula a madoko osiyanasiyana ali pamadzi pomwepo, kumvana mtengo, kenako n'kuloza boti kumene kwakoma.

Zotsatira zake Jensen anazisindikiza mu 2007. Mafoni asanabwere, pafupifupi palibe msodzi amene ankakagulitsa kunja kwa doko la kwawo. Atabwera, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anayamba kutero. Nsomba zotayidwa, zimene zinkakhala 5 mpaka 8 peresenti ya zophedwa pa tsiku, zinatheratu. Mitengo ya m'madoko inayandikana. Phindu la asodzi linakwera ndi pafupifupi 8 peresenti, ndipo mtengo kwa wodya unatsika ndi pafupifupi 4 peresenti. Mwina mukuti zingatheke bwanji kuti wogulitsa apindule wogulanso apindule? N'chifukwa choti nsomba zimene zinkapita kwa akhwangwala tsopano zinkafika pa mbale. Pofika 2001 maboti oposa 60 pa 100 aliwonse anali ndi foni. Ngakhale amene analibe foni anapindula nawo, poti anzawo akapita kwina, doko la kwawo silinkadzazanso nsomba mpaka mtengo kugwa.

Koma ndisakunamizeni ngati foni ndi mankhwala a chilichonse. Asodzi a ku Kerala aja anapindula chifukwa anali ndi injini ndi ufulu wopita kumene akufuna. Kuno tikudziwa mmene zimakhalira. Ngati petulo wa ulendowo wakugulira ndi wogula nsomba, mabatire a magetsi wakulipirira ndi iyeyo, ndiye kuti usipa uli m'madziwo ndi wake kale. Ungamve pa foni kuti ku Malembo kapena ku Makawa mtengo wakwera, koma boti ulilozabe kwa mwini ngongole. Foni imakuuza mtengo, ngongole siikuchotsera. Ichi chisungeni, chifukwa anthu otsatsa ma app sachinena.

Kwathu kuno mafoni a m'manja anayamba ndi TNM, imene inakhazikitsidwa mu 1995. Celtel inabwera mu 1999, n'kusintha kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Poyamba zinali za mabwana a m'tauni, koma pang'onopang'ono zinatsikira ku madoko, mpaka siginala aliyense anakhala ndi kafoni ka mabatani kokulunga m'jumbo. Mtengo tinayamba kuumva. Panatsala vuto lachiwiri: ndalama. Mayi wa ku Limbe akafuna usipa ankayenera kubwera yekha, ndalama atamanga pa mfundo ya chitenje, kugona pa doko masiku angapo. Wotumiza ndalama kumudzi ankapatsira kondakitala kapena wachibale, n'kumapemphera kuti ifike yonse.

Vuto limeneli linathetsedwa koyamba mwamphamvu ku Kenya, ndipo mmene zinayambira n'zoseketsa. Nick Hughes wa kampani ya Vodafone ndi mnzake Susie Lonie, ndi thandizo la ndalama lochokera ku boma la Britain, anapanga njira yoti anthu otenga ngongole zing'onozing'ono azibweza pa foni. Anaiyesa mu 2005 ku Thika ndi madera ena, mogwirizana ndi bungwe la ngongole la Faulu. Atayang'ana mmene anthu akuigwiritsira ntchito, anapeza zina. Anthu ankatumizirana ndalama okhaokha, ankalipirana pa malonda, ena ankaikamo ndalama poyamba ulendo n'kukaitapa atafika, kuopa akuba panjira. Eni ake sanakakamire maganizo awo oyamba. Anasiya za ngongole zija, ndipo mu Malichi 2007 Safaricom inakhazikitsa M-Pesa ndi uthenga umodzi wokha: tumiza ndalama kumudzi. Pesa ndi ndalama m'Chiswahili. Sinkafuna intaneti kapena foni yodula, kafoni ka mabatani kankakwana.

Ku Malawi kuno Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Tsopano taonani bizinezi imene inabadwa pamenepo. Ndalama ya mufoni imafuna munthu woisandutsa makwacha ogwirika, ndiye panabadwa ejenti. Kamsasa kopaka utoto wofiira kapena wobiriwira kali pa doko lililonse kaja, zaka khumi ndi zisanu zapitazo ntchito imeneyo kunalibe. Ejenti sadya ndalama yochokera kumwamba. Amadya komishoni chifukwa wagwira ntchito yooneka: msodzi watuluka m'madzi 5 koloko m'mawa, akufuna ndalama ya m'manja yogawana ndi anyamata ake, ndipo ejenti ali nayo pomwepo.

Chida chachitatu ndi chimene mukuwerengerapo uthengawu. Jan Koum anabadwira kufupi ndi Kyiv ku Ukraine mu 1976. Ali ndi zaka 16 anasamukira ku Mountain View ku California ndi mayi ake. Anali osauka, ankalandira thandizo la chakudya ku boma, iye n'kumasesa m'golosale. Za makompyuta anadziphunzitsa yekha ndi mabuku akale a m'sitolo ya mabuku ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo yunivesite sanaimalize. Anagwira ntchito ku Yahoo limodzi ndi Brian Acton. Atachoka kumeneko mu 2007, onse awiri anakafunsira ntchito ku Facebook, onse anakanidwa. Pa 24 Febuluwale 2009 Koum analembetsa kampani ya WhatsApp. Poyamba sinali yotumizirana mauthenga n'komwe. Inali yongoonetsa status pafupi ndi dzina lako, kuti anthu adziwe ngati watanganidwa asanakuimbire. Anthu sanaikonde, ndipo Koum anatsala pang'ono kuisiya. Chaka chomwecho Apple italola kuti app izidziwitsa munthu pakabwera chatsopano, anzake a Koum anayamba kusintha ma status awo ngati akucheza, wina kufunsa, wina kuyankha. Koum anaona, n'kuisandutsa yotumizirana mauthenga.

Zithunzi zinabwera kumapeto kwa 2009, magulupu mu 2011, ma voice mu 2013. Anaonetsetsa kuti izigwira ngakhale pa mafoni otchipa a Nokia ndi pa netiweki yofooka, n'chifukwa chake inafika mpaka kwa ife. Mu Febuluwale 2014 Facebook yomwe inawakana ija inagula WhatsApp pa madola 19 biliyoni, kampaniyo ili ndi antchito 55 okha ndi anthu oigwiritsa ntchito 450 miliyoni. Koum anakasainira mapepala pa chitseko cha nyumba imene kale inali ofesi yolandirirako thandizo la osauka. WhatsApp Business, yoikapo zithunzi za malonda ndi maola a bizinezi, inabwera mu 2018.

Mukaziika pamodzi nkhani zitatuzi muona chinthu chimodzi. Nsanja za ku Kerala sanaimikire asodzi. M-Pesa anaipangira ngongole. WhatsApp anaipangira status. Ntchito yeniyeni anaipeza ndi anthu wamba amene anali kale ndi vuto lowasowetsa tulo, ngati nsomba yowola kapena ndalama yofunika kufika kwa mayi kumudzi. Ndipo paliponse pamene ndalama inapangidwa, pansi pake panali katundu kapena ntchito yoti ungailoze ndi chala.

App imene inadya mng'ono wathu ija nayonso ili ndi makolo ake, ndipo ndi akale kuposa intaneti. Mu 1920 ku Boston, Charles Ponzi ankalonjeza anthu phindu la 50 peresenti m'masiku 45, akuti akuchita malonda a makuponi a positi a mayiko akunja. Malondawo kunalibe. Ankalipira olowa poyamba ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho zonse zinagwa, iye n'kupita kundende. Sergei Mavrodi anachita zomwezo ku Russia ndi MMM, imene inagwa mu 1994. MMM yomweyo inadzukanso pa intaneti, n'kudya anthu ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria cha m'ma 2016. Abale athu a ku Joni akuikumbukira. Nyambo yake siisintha: oyamba amalandiradi, kuti akaitane abale awo. Ifetu ndife ana a asodzi, tikudziwa chifukwa chake timayatsa magetsi pamadzi usiku. Usipa umaona kuwala, suona chilimira. Ndiye musanaike ndalama paliponse funsani kuti: akugulitsa chiyani, ndipo akugula ndani? Ngati yankho lake ndi lakuti ubweretse anthu atatu, nsomba yake ndiwe.

Ine foni imandidyetsa, koma imandidyetsa kudzera mu injini. Kale mwini boti akaphwanya giya kapena propela ankakwera yekha kupita ku tauni, masiku awiri kapena atatu, nthawi zina n'kubwera ndi sipeya yolakwika. Pano ndimajambula kachitsulo kolembapo mtundu ndi nambala ya injini, ndimajambula chimene chawonongeka nditaika pafupi ndi tepi yoyezera, n'kutumiza kwa ogulitsa awiri kapena atatu. Wotchipa ndi wodalirika ndimamulipira pa foni, katundu amabwera pa basi. Kusintha impela ya pampu ya madzi pa Yamaha Enduro ndinakuonera pa YouTube kangapo konse ndisanagwire injini ya munthu. Chizungu cha anthu a m'mavidiyowo sindimachimva chonse, koma manja awo ndimawamva. Vidiyo ndimaidawunilodi usiku bandulo ikakhala yotchipa, n'kumaionera pa ntchito popanda netiweki.

Ndiye kwa amene mukufunsa za bizinezi ya pa intaneti, yang'anani mipata imene idakalipo pa doko pathu pomwe. Mtengo wa usipa timaumvabe mwa apo ndi apo, aliyense kuimbira mnzake mmodzi, ndipo nthawi zina mnzakeyo ndi wa wogula. Gulupu imodzi yokhala ndi munthu wokhulupirika ku Msaka, ku Malembo, ku Makawa, ku Nguwo ndi ku Chipoka, aliyense kuponya mtengo wa beseni ndi chithunzi m'mawa uliwonse, ingachite zimene foni inachita ku Kerala. Amayi oyanika usipa aliyense amalipira yekha galimoto. Mnyamata amene angawalembe pa gulupu, kudzaza lole imodzi, n'kutsata katundu mpaka wafika, wagwira ntchito yoyenera malipiro. Muli ndi abale m'tauni amene amadandaula kuti usipa wa kumsika ndi wamchenga. Yambani ndi mabanja khumi, chithunzi pa status, alipire pa foni, katundu pa basi. Anthu a nthambi yoona zanyengo amatulutsa machenjezo a mwera, koma akuluakulu ambiri olowa m'madzi sawerenga. Kuwasandutsa voice ya Chichewa kapena Chiyao mwina sikungakupatse ndalama lero, koma kumakupatsa dzina, ndipo kungabweze boti lina kumtunda anthu ali amoyo.

Zonsezi chuma chake ndi kukhulupirika. Ukajambula usipa woyera wa pamwamba koma pansi pa thumba utaika wofumbutuka, wagulitsa kamodzi ndipo chithunzi chako chizungulira magulupu onse. Uthenga ukabwera woti ndalama yalowa, usapereke katundu usanaone balansi wekha, chifukwa mauthenga abodza alipo. Wina akaimba kuti watumiza molakwitsa umubwezere, kapena kuti ndi wa ku kampani akufuna PIN yako, dula foni. Ndipo usalowe ngongole yogulira foni yodula poyambira. Ya ku Kerala ija inali yongoimbira basi.

Mng'ono wathu uja ndalama yake siibwera, ndamuuza mosabisa. Chimene chikumupweteka kwambiri ndi ya mlongo wake, yomwe inali ya feteleza. Panopa masana akumabwera kudzandithandiza kutsuka makabureta, ndipo walemba mayina a abale asanu ndi mmodzi a ku Lilongwe oti awatumizire usipa mdima ukubwerawu. Kaya zitheka, tiona.

Mwera ukaleka maboti alowa. Amene muli pa madoko ndatchula aja, kapena ena alionse kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, ngati mungathe kudzuka 6 koloko n'kuponya mtengo woona ndi chithunzi, ndiuzeni, gulupu nditsegula ine. Kulowa ndi kwaulere, ndipo wonama mtengo tizimuchotsa tsiku lomwelo. Uthengawu tumizani kwa anzanu, makamaka amene mwawamva akunena za app yoswanitsa ndalama.

Ndine wanu makaniko wa pansi pa mtengo.